Ndemanga: AAV ya mDlx yatipumuza pa ntchito yoweta mbewa za Cre

Ndaipatsa nyenyezi 4 mwa 5.

Aliyense amene amafufuza ma interneuron, maselo a mu ubongo amene amatulutsa kemikolo yotchedwa GABA n'kumaletsa anzawo kuti asatumize mauthenga mopyola muyeso, akudziwa kuti nthawi yambiri imathera kukhola la mbewa. Kuti uone mtundu umodzi wokha wa maselo umayenera kupeza mbewa za Cre (zosinthidwa majini kuti maselo amene ukufunawo azindikirike), kuzikweretsa ndi mbewa zina, kudikira kuti ziswe, kenako n'kuyeza majini a ana onse. Miyezi imangopita kafukufuku weniweni asanayambe n'komwe. N'chifukwa chake mu labotale yathu tinaganiza zogula AAV (vairasi yolowetsera majini m'maselo) yokonzedwa kale, yonyamula enhancer ya mDlx ndi jini ya GFP, puloteni yowala mobiriwira.

Enhancer imeneyi inachokera ku gulu la a Gord Fishell ndipo inalengezedwa mu 2016. Ndi kachidutswa kakang'ono ka DNA komwe kamayatsa jini m'maselo a GABA okha, ngakhale vairasiyo italowanso m'maselo ena oyandikana nawo. Kuchepa kwake ndi nkhani yaikulu, chifukwa AAV imanyamula DNA yosapitirira makilobesi pafupifupi 4.7, ndiye malo otsalawo umatha kuikapo GCaMP (yowala selo ikamagwira ntchito) kapena channelrhodopsin (yoyatsira selo ndi kuwala) m'malo mwa GFP.

Katundu anafika ali wozizira bwino mu dry ice. Tinamugawa m'timachubu ting'onoting'ono n'kusunga mufiriji ya -80°C, poti kusungunula ndi kuumitsanso mobwerezabwereza kumafooketsa vairasi. Titabaya mu cortex (gawo lakunja la ubongo) ya mbewa wamba, tinadikira masabata angapo monga mmene AAV imafunira, ndipo pa maikulosikopu maselo anawala mobiriwira bwino lomwe. Chimene chinandikondweretsa kwambiri n'chakuti enhancer yomweyi imagwiranso ntchito mu nyama zina zimene zilibe mizere ya Cre, monga ferret ndi anyani ang'onoang'ono a marmoset. Kwa ofufuza amene safuna kuthera pa mbewa zokha, imeneyi ndi mwayi waukulu.

Nyenyezi yachisanu ndaisunga pa chifukwa chimodzi, ndipo apa ndikukupemphani anzanga kuti mumvetsere. Vairasi ikachuluka mu jekeseni, kusankha kwake kumachepa. Pafupi ndi pomwe singano inalowa tinapeza maselo ena a pyramidal, omwe si a GABA, nawonso akuwala pang'ono. Titaichepetsa mphamvu poisakaniza ndi saline (madzi amchere), zinthu zinakhala bwino. Musangokhulupirira mtundu wobiriwirawo ayi. Dulani tizidutswa ta ubongo, mupake ma antibody ozindikira GABA kapena GAD67 (puloteni yopanga GABA), muwerenge nokha kuti maselo owalawo ndi oyeneradi. Komanso mDlx siisiyanitsa maselo a parvalbumin ndi a somatostatin, mitundu iwiri ya ma interneuron, imatenga onse. Wofuna a parvalbumin okha ayang'ane enhancer ina ya S5E2, yomwe inatuluka mu 2020 kuchokera ku jini ya Scn1a.

Amene mukuganiza zobaya kudzera m'magazi ndi kapisidi (chikutiro cha vairasi) ya PHP.eB ya ku Caltech, fufuzani kaye mtundu wa mbewa zanu. Imadutsa bwino kulowa mu ubongo wa mbewa za mtundu wa C57BL/6 chifukwa cha puloteni ya Ly6a, koma mu za mtundu wa BALB/c siidutsa chimodzimodzi.

Tidzagulanso, ndipo ulendo wotsatira tikufuna kuyesa ma enhancer atsopano a ku Allen Institute ku Seattle amene anatuluka mu 2025 pansi pa BRAIN Initiative, pulogalamu ya ku America yofufuza ubongo.