Zipangizo n'zabwino, koma mwini wake anatidulira filimu ya Sembène

Nyenyezi zitatu mwa zisanu, ndipo ziwiri mwa zitatuzo ndi za mnyamata wawo wantchito. Ndikunena za bambo aja obwereketsa pulojekita ndi masipika kuno ku Zomba. Dzina sinditchula, a ku Matawale ndi ku Chinamwali mukuwadziwa. Mtengo ndi womwe uja amatchaja pa zinkhoswe, mafuta a jenereta ndi anu, theka kulipiratu. Tinawatenga kwa masiku awiri kuti ophunzira aonere m'holo mafilimu a Ousmane Sembène, wojambula mafilimu wa ku Senegal.

Usiku woyamba tinaika La Noire de…, filimu ya mu 1966 ya ola limodzi, yopanda mitundu. Chithunzi chake si chotambalala ngati chamakono ayi, chimayandikira muyezo wakale wa 4:3, ndiye pa chinsalu chotambalala m'mbali monse muwiri mumatsala mdima. Ndi mmene inajambulidwira, palibe cholakwika. Bambowa ataona mdima uja anatenga rimoti n'kukanikiza zoom kuti chithunzi chidzaze chinsalu chonse. Mitu ya anthu inadulidwa pamwamba, ndipo pansi panadulidwa mawu a Chingerezi omasulira. Kope lathu mawuwo ndi omatiriridwa pa chithunzi, sangasunthidwe. Akakhala mizere iwiri timaona wapamwamba wokha, ukakhala umodzi osaona kanthu.

Amene anaionerapo filimuyi akudziwa kukula kwa chiwonongeko chimenechi. Diouana, mtsikana wa ku Dakar amene mabwana ake anamutengera ku Antibes ku France, sayankhula kwenikweni m'nyumba muja. Amapukuta pansi, amaphika, amayang'ana pawindo, ndipo zonse zimene zikumuwawa timazimva m'mawu a mumtima mwake, mu Chifalansa. Mukachotsa mawu omasulira mwatsala ndi mtsikana wantchito akuyendayenda m'chipinda. Ana anayamba kusewera ndi mafoni. Titawapempha kuti abweze chithunzi mmene chinalili, anatiyankha kuti chinsalu anabwera nacho chonse ndipo chigwire ntchito chonse, rimoti n'kuika m'thumba la jekete. Kenako, filimu ili mkati, anatsegula maikolofoni n'kuuza ana kuti apirire, mafilimu a azungu a ku France akalekale amakhala choncho.

Apa m'pamene ndinapsa mtima. Sembène anabadwa mu 1923 ku Ziguinchor, kum'mwera kwa Senegal, mwana wa msodzi. Sukulu sanapite nayo patali. Anagwirapo ntchito yomanga, analowa usilikali wa Afalansa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kenako anakhala wonyamula katundu padoko la Marseille, komwe anayamba kulemba mabuku. Ataona kuti anthu akwawo ambiri sangawerenge mabuku a Chifalansa, anapita ku Moscow kukaphunzira kujambula mafilimu ali pafupi ndi zaka 40. Borom Sarret inatuluka mu 1963, ndipo La Noire de… inalandira mphoto ya Jean Vigo. Munthu amene anasiya cholembera n'kutenga kamera kuti amveke kwa anthu wamba, inu mukumutseka pakamwa ndi batani limodzi, n'kumutchanso mzungu pamaso pa ana. Kusadziwa si mlandu, koma wobwereketsa zipangizo sanalembedwe ntchito yofotokozera filimu.

Masipika nawo anawaika kumbuyo kwa holo ngati pa dansi, mawu akuchokera kumsana, nkhope zili kutsogolo.

Usiku wachiwiri bambowa anali ndi ukwati kwina, anatumiza mnyamata wawo yekha, ndipo m'pamene tinaona kuti katunduyu ndi wabwino ndithu. Anafika dzuwa likadalipo. Pulojekita anaiika patebulo molunjika pakati pa chinsalu m'malo moipendeketsa ndi njerwa, motero chithunzi chinakhala chamakona ofanana popanda kulimbana ndi keystone, batani lowongolera chithunzi chopendekeka. Analumikiza laputopu ndi chingwe cha HDMI, mawu n'kuwatulutsa padera kupita ku mikisa. Masipika anawasamutsira mbali ziwiri za chinsalu, pamwamba pang'ono pa mitu ya anthu okhala, n'kuchepetsa besi chifukwa holo yofolera malata yopanda siling'i imagunda kwambiri ndipo mawu a anthu amamira. Mawindo a mbali ya msewu anatchinga ndi mabulangete. Asanalowe anthu anathamangitsa filimu pa malo angapo kuti aone ngati mizere yonse iwiri ya mawu ikuoneka kuchokera pa benchi yomaliza.

Tinaonetsa Mandabi ya mu 1968, imene Sembène anajambula m'Chiwolof, chiyankhulo cha anthu ambiri ku Senegal. Ibrahima Dieng, bambo wa akazi awiri wopanda ntchito, walandira ndalama za papositi zokwana mafalanga 25,000 kuchokera kwa mphwake ku Paris. Kuti azitenge pakufunika chiphaso, chiphaso chikufuna kalata yobadwira ndi zithunzi, pomwe anansi ayamba kale kubwera kudzapempha ndalama zimene iye sanazigwire. Holo yonse inali tcheru, mitundu ikuoneka bwino, mawu omveka mpaka kukhomo. Magetsi atazima pakati pa filimu, mnyamatayo analiza jenereta, n'kudikira mphindi zochepa kuti babu la pulojekita lizizire asanaliyatsenso, chifukwa kuliyatsa lili lotentha kumalifupikitsa moyo. Anapitiriza pomwe tinalekezera.

Choncho sindinganene kuti musawabwereke. Kuno pulojekita yowala chonchi, yobwera ndi jenereta yake, si yopezekapezeka, ndipo bambowa katundu wawo amamusamala, zingwe zonse zinali zamoyo. Koma pokambirana mtengo nenanitu kuti abwere mnyamatayo. Rimoti ikhale ndi inu, maikolofoni asalumikize n'komwe. Pa zosankha za pulojekita, pa aspect (muyezo wa chithunzi), ikani Auto kapena 4:3 ngati filimuyo ndi yakale, ndipo mdima wa m'mbali muusiye. Mukafuna kuonetsa Xala ya mu 1975, Ceddo ya mu 1977 imene boma la Pulezidenti Senghor linailetsa ku Senegal, kapena Moolaadé ya mu 2004, yomaliza Sembène asanamwalire ku Dakar mu 2007, kumbukirani kuti zonsezi zili m'ziyankhulo zimene ana athu sazimva, ndiye yesani mawu omasulira masana bambowa asanafike. M'nyengo yamvula pezani holo ya siling'i, chifukwa mvula yotsika m'phiri ili ikamenya malata masipika awiriwa sakwanira.

Za kutichotsera mtengo wa usiku woyamba anakana. Akuti chithunzi chinaoneka, jenereta inabwera, ndipo sanalonjeze mawu olembedwa.