Kaduwa ka ku Namaqualand kopusitsa ntchentche

Abale kumudziko, kuno ku Namaqualand, m'chigawo cha Northern Cape ku South Africa, mvula imagwa nthawi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene kwathu kuli gwa. Imagwa yochepa, koma ikabwera bwino, mu Ogasiti ndi Seputembala tchire la ku Springbok ndi Kamieskroon, m'mbali mwa msewu wa N7, limangoti psuu ndi maluwa. Ambiri ndi a mtundu wa lalanje, choncho mlendo amangoti onse ndi amodzi.

Kaduwa kamene muyenera kugwada kuti mukaone bwino ndi Gorteria diffusa, ka banja limodzi ndi chisoso ndi mpendadzuwa. Kamamera, kuchita maluwa n'kufa nyengo imodzi. Sikaima chilili, kamayanga pansi, ndipo tinthambi take n'taubweya wokalabada. Tembenuzani tsamba: ndi lowonda, lobiriwira pamwamba, kunsi lotuwa, m'mphepete lopindikira mkati. Duwa lake ndi la masentimita 2 kapena 3.

Chizindikiro chachikulu ndi madontho akuda, otukuka ndi onyezimira. Ku Springbok amakhala pa timasamba tochepa ta duwalo, tina tonse tilibe. Dontholo limaoneka ngati kantchentche kakakazi kotchedwa Megapalpus capensis. Kamphongo kamaterapo poyesa kapeza mkazi, n'kunyamula mungu kupita nawo pa duwa lina. Koma musadalire madontho okha, chifukwa m'madera ena amakhala pa timasamba tonse, kwina kulibiretu.

Mukakayika, yang'anani patsinde. Duwa likauma limasanduka kachibobo kolimba kaminga, kamagwa ndi njere m'kati, ndipo mbewu imamera momwemo. N'chifukwa chake kachibobo kakale kamapezeka kadakali kokanirira pamene tsinde lakumana ndi muzu. Umboni umenewu ndiye wodalirika.

Chomera china chotchedwa Dimorphotheca sinuata, chimene anthu amachisokoneza nako, chimaima mpaka masentimita 30, duwa lake n'lalikulu, masamba ake ali ndi mano, ndipo njere zake n'zamitundu iwiri: zaphwatalala ngati pepala ndi zowonda.

Alendo ambiri amalakwitsa nthawi yokaona maluwa. Maluwawa amatseguka dzuwa likakwera, cha m'ma 11 koloko mpaka 3 koloko, ndipo kukachita mitambo kapena kuzizira amakhala otseka. Amayang'ana dzuwa, choncho dzuwalo likhale kumsana kwanu. Mphepo yotentha yochokera kum'mawa ikaomba masiku angapo amafota. Kuthyola kapena kuzula popanda chilolezo ndi mlandu, makamaka ku Skilpad mu Namaqua National Park; jambulani ndi foni duwa, kunsi kwa tsamba ndi patsinde.