Tikiti ya masiku atatu ya ATAC ku Rome: kodi ikugwirizana ndi mtengo wake?

Akhristu a m'maparishi a kuno ku Mchinji, monga Ludzi ndi Guilleme, amene anakonzekera ulendo wa ku Rome m'Chaka cha Jubile cha 2025, ambiri analangizidwa kuti akangofika agule tikiti ya maola 72 ya ATAC, kampani yoyendetsa mabasi, mathiramu ndi sitima zapansi panthaka mumzindawo. Malangizowa amamveka anzeru, koma nditaigwiritsa ntchito ndikuona kuti kwa mlendo wosunga ndalama tikitiyi si yotchipa monga amanenera.

Kuyambira pa 1 Julaye 2025 tikiti ya maola 72 inakwera kuchoka pa mayuro 18 kufika pa 22, ya tsiku limodzi inafika pa 8.50, ndipo ya sabata yathunthu pa 29. Tikiti wamba yotchedwa BIT inatsalabe pa 1.50, ndipo imagwira ntchito kwa mphindi 100, moti munthu angathe kusintha mabasi kangapo, ngakhale kuti pa sitima yapansi amaloledwa kulowa kamodzi kokha. Masamu ake ndi osavuta: kuti mayuro 22 abwerere, munthu ayenera kukwera maulendo 15 m'masiku atatu, kutanthauza asanu patsiku. Wopita kukapemphera sakwera chotero. M'mawa amatenga sitima ya mzere A kukatsikira pa siteshoni ya Ottaviano, pafupi ndi Vatican, n'kuthera pafupifupi tsiku lonse pa mzere wolowera m'tchalitchi cha Petulo Woyera ndi m'kati mwake, madzulo n'kubwerera. Matikiti awiri akwana. Tchalitchi cha Santa Maria Maggiore chili pafupi ndi siteshoni ya Termini poti n'kuyenda wapansi, cha San Giovanni chili pa mzere A womwewo, ndipo cha San Paolo chili pa mzere B. Poti ndalama zakunja zikuvuta kupeza m'mabanki mwathu, yuro iliyonse yotsala ndi chakudya cha mawa.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti tikitiyi sigwira ntchito pa sitima ya Leonardo Express, yochoka pa bwalo la ndege la Fiumicino kupita ku Termini m'mphindi 32, imene mtengo wake ndi mayuro 14 payokha. Wotsika ndege ya Ethiopian Airlines yodzera ku Addis Ababa aikiretu ndalama imeneyi padera, kupita ndi kubwerera.

Ubwino wake ulipo, ndipo sindiupeputsa. M'basi ya ku Rome mulibe kondakitala wotolera ndalama ngati m'minibasi yochoka pa Boma kupita ku Lilongwe. Tikiti imagulidwiratu m'mashopu a fodya okhala ndi chilembo cha T kapena pa makina a pasiteshoni, ndipo ukakwera uyenera kuidinditsa pa kamakina ka m'basimo, apo ayi oyendera akakupeza amakulipiritsa chindapusa choposa mayuro 50 posayang'ana kuti ndiwe mlendo. Tikiti ya maola 72 imadindidwa kamodzi basi, pa ulendo woyamba. Kwa gulu lokhala ndi amayi achikulire amene miyendo imawavuta pa misewu ya miyala ya mumzindamo, kapena kwa amene apeza malo ogona kunyumba za masisitere kutali ndi pakati pa mzinda, mtendere umenewu ndi woyenera kuulipira. Komabe basi ya nambala 64, yochoka ku Termini kupita ku Vatican, imadzaza kwambiri ndipo ndi yodziwika ndi opisa m'matumba, choncho chikwama chizikhala kutsogolo.

Kwa wachinyamata wamphamvu zake ndikulangiza matikiti a BIT atatu kapena anayi patsiku, mayuro osapitirira 6, ndipo zotsalazo zipite ku msonkho wa alendo umene mahotela amalipiritsa usiku uliwonse pamwamba pa mtengo wa chipinda, ku ndalama zolowera mu Pantheon, kachisi wakale wa Aroma amene tsopano ndi tchalitchi, ndi ku chakudya. Madzi asagule, chifukwa mipopi ya m'misewu yotchedwa nasoni imatulutsa madzi abwino akumwa kwaulere. Wokhala masiku asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri ndiye angaganizire ya sabata ija ya mayuro 29, imene imabweza ndalama zake pa ulendo wa 20.