301 kapena 302 posamutsa tsamba

Tsamba la pa intaneti likasamukira ku adiresi ina, seva (kompyuta yosunga webusaiti) imayankha ndi nambala ya 301 kapena 302 potumiza anthu ku adiresi yatsopano. Ya 301 imauza Google kuti mwasamukiratu, choncho adiresi yatsopano ndiyo imaoneka anthu akamafufuza. Ndiyo yoyenera pochoka pa http kupita pa https (adiresi yotetezedwa), kapena posintha dzina la webusaiti, ndipo Google imalangiza kuisiya kwa chaka kapena kuposerapo. Koma samalani: mapulogalamu otsegulira intaneti a Chrome ndi Firefox amaisunga 301, moti mukaloza kolakwika, amene anafikako kale azingopitabe komweko ngakhale mutakonza.

Ya 302 ndi yakanthawi, monga katundu akatha koma abweranso mwezi wamawa. Adiresi yakale kawirikawiri imatsalabe pa Google. Chodandaulitsa n'chakuti ambiri amaiika mosadziwa: mu PHP (chinenero cholembera mawebusaiti), mukangolemba Location (mawu olozera adiresi yatsopano) osatchula nambala, imatuluka 302.