Lamba wa nayiloni pa wotchi ya ku ofesi: amayenda ndi suti?

Amayenda, koma si lamba aliyense, ndipo si pa wotchi iliyonse. Amene ndikuwaunika pano ndi malamba aja amawatcha kuti NATO, omwe ndinagula kwa mnyamata wina wotsatsa malonda pa Facebook amene amaoda katundu wake ku Johannesburg. Mu paketimo munali wakuda, wotuwa, ndi wina wamizeremizere yofiira, yoyera ndi yabuluu. Onsewo ndi a mamilimita 20 m'lifupi, ndipo mtengo wa paketi yonse sunafike pa mtengo wa lamba mmodzi wachikopa chenicheni. Ine ndimagwira ntchito yowerengera ndalama mu Blantyre muno. Kuntchito kwathu jekete ndi tayi si zokambirana kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi, Lachisanu lokha ndi limene timapumako ndi malaya a chitenje.

Chimene chinandichotsa ku chikopa ndi thukuta. Aliyense amene anakwerapo minibasi yodzaza mu Okutobala atavala suti akudziwa zomwe ndikunena. Ntchito yanga imandipititsanso ku Nchalo ndi ku Chikwawa, komwe dzuwa silimvera munthu chisoni. Chikopa chimamwa thukuta, chimada mkati, chimayamba kusweka pa bowo lomwe umamangira tsiku ndi tsiku, kenaka chimayamba kafungo kena kamene umakamva ukamayandikiza dzanja kumaso pokonza magalasi. Sungachichape. Ungopukuta n'kuyembekezera tsiku lomwe chidzaduke.

Nayiloni anapangidwira mavuto oterewa. Lamba wa mtundu umenewu anachokera ku unduna wa zachitetezo wa dziko la Britain, womwe unalemba malamulo a kapangidwe kake mu 1973: nayiloni, mamilimita 20, mtundu umodzi wokha wotuwa umene ankautcha Admiralty Grey. Asilikali ankamutenga ku sitolo yawo polemba fomu ya G1098, n'chifukwa chake ena amamutcha G10. Nzeru yake yagona pa mmene amalowera. Lamba wachikopa amakhala zidutswa ziwiri, chilichonse chogwira pa kapini kake, kachitsulo kakang'ono komwe kamalumikiza lamba ku wotchi, ndiye kapini kamodzi kakathyoka wotchi yagwa. Wa nayiloniyu ndi chidutswa chimodzi chachitali chomwe chimadutsa pa kapini kakumtunda, n'kuyenda pansi pa wotchi, n'kutulukira pa kapini kakumunsi. Kamodzi kakathyoka, wotchi imangolendewera pa kenako koma sichoka pamkono. Kwa munthu wotsika minibasi mothithikana pa Limbe, zimenezi si nkhani yaing'ono.

Katundu yemwe ndinalandirayo ndi wapakatikati. Nsalu yake ndi yolukidwa mothina, mabowo ake ndi owotcha m'mphepete kuti asasosoke, ndipo timphete tachitsulo tinasokedwa ndi ulusi, osati kungomatidwa ndi moto monga zimakhalira pa malamba otchipa kwambiri. Wakuda uja anabwera ndi m'mphepete mokhakhala, moti sabata yoyamba ankandikanda pa fupa la pamkono mpaka pankafiira. Atachapidwa anafewa. Wotuwa anali wosalala kuyambira pachiyambi, wonyezimira pang'ono ngati lamba wa pampando wa galimoto, ndipo ndi amene ndimavala kwambiri. Zitsulo za wakudayo zinapakidwa utoto wakuda womwe wayamba kale kusupuka m'makona. Za wotuwa ndi chitsulo choyera chabe, palibe choti chisupuke. Mukapatsidwa mwayi wosankha, tengani za chitsulo choyera, makamaka ngati wotchi yanu nayonso ili ya chitsulo choyera.

Koma nkhani yeniyeni ya lamba ameneyu ndi suti ili pa mkono wa malaya, ndipo ogulitsa sakuuzani zimenezi. Wotchi yanga ndi Seiko ya batire, yopyapyala, nkhope yoyera, yopanda zambiri. Pa lamba wachikopa inkalowa yokha pansi pa mkono wa malaya, n'kumangosuzumira ndikatambasula dzanja. Umu ndi mmene wotchi ya suti iyenera kukhalira: ioneke mukaifuna, ibisale mukapinda mkono. Lamba wa NATO amaika nsalu ziwiri pansi pa wotchi, chifukwa kupatula lamba wamkuluyo palinso kachidutswa kena kachiwiri komwe kamaletsa wotchi kutsetsereka. Nsalu iliyonse imaposa milimita imodzi kukhuthala kwake, ndiye wotchi imakwera ndi mamilimita awiri kapena atatu. Pa pepala zikumveka zochepa. Pamkono, mkono wa malaya umafika pa wotchi n'kuima, umakwinyika pamenepo, ndipo jekete nalonso limakodwa. Tsiku lonse umakhalira kukoka malaya ndi dzanja linalo. Onjezani mchira wa lambayo, womwe ndi wautali chifukwa anaupanga kuti ukwanire mikono ya asilikali onse. Ife a mikono yowonda timaupinda n'kuubweza pa kamphete, ndipo pamatuluka kampukutu kotukuka kumtunda kwa wotchi komwe kamakola mkono wa malaya nthawi iliyonse ukatambasula dzanja.

Anandithandiza ndi bambo wina wokonza mawotchi amene amakhala ndi kabokosi kake kagalasi pakhonde la sitolo ina m'tauni. Anaitembenuza wotchiyo, n'kunena kuti, "Bwana, kachiwirika n'kantchito yanji kwa inu? Mukupita kunkhondo?" Anatenga lezala, n'kudula kachidutswa kachiwiri kaja pafupi ndi pomwe kanasokedwa, kenaka anayatsa machesi n'kudutsitsa moto m'mphepete modulidwamo kuti nayiloni asungunuke pang'ono ndi kutseka. Mchira nawo anaufupikitsa: anaupanikiza pakati pa makobidi awiri, n'kudula motsatira kuzungulira kwa kobidi, n'kuwotchanso. Mphindi zochepa chabe. Wotchi inatsika, kampukutu kaja kanatha, ndipo chitetezo cha timapini tiwiri chija sichinachoke chifukwa lamba wamkulu amadutsabe pansi. Chinthu chimodzi choti musamale pambuyo pake ndi povula: wotchi tsopano ikhoza kutsetsereka n'kuchoka pa lamba mukaugwira mozondotsa, ndiye muzigwira mbali ya chomangira ili pansi.

Atadulidwa choncho, wotuwa uja pa suti yabuluu wakuda kapena yotuwa amangosowa. Palibe amene amamuona, ndipo kwa ine kumeneko ndiye kukhoza. Munthu wokhala tsidya lina la tebulo amangoona wotchi yoyera pa lamba wodekha. Wakuda amayendanso bwino, ngakhale kuti fumbi la chilimwe ndi timaubweya ta jekete timaonekera msanga pa iye. Lamulo lakale lija loti lamba wa wotchi afanane ndi lamba wa m'chiuno ndi nsapato limagwira pa chikopa. Pa nsalu, ine ndimayang'ana mtundu wa suti, osati wa nsapato.

Wamizeremizere uja ndi nkhani ina. Ndinamuvala Lachiwiri lina ndi suti yotuwa, ndipo mkulu wina wa ku ofesi kwathu, munthu amene nsapato zake sizionapo fumbi, anandiyang'ana pamkono tikudikira msonkhano n'kufunsa mwaulemu kwambiri, "Achimwene, wotchiyi mwabwereka kwa mwana?" Sanawonjezerepo kanthu. Ankanena zoona. Mizere itatu yowala pafupi ndi tayi wamadontho ndi phokoso, ndipo maso a munthu amene ukumufotokozera manambala amathamangira pamkono m'malo mwa papepala.

Okonda mawotchi akamatsutsana za nkhaniyi sachedwa kutchula James Bond. N'zoona kuti mu filimu ya Goldfinger ya 1964, Sean Connery, yemwe ankasewera ngati James Bond, anavala wotchi ya Rolex Submariner pa lamba wa nayiloni wamizere ali m'jekete loyera la madzulo. Koma yang'anitsitsani chithunzicho. Lambayo ndi wowonda kuposa mpata wa wotchiyo, moti timapini tikuonekera mbali zonse, ndipo si NATO n'komwe chifukwa NATO anabwera zaka 9 pambuyo pake. Komanso munthuyo anali atangovula zovala zosambira nazo m'nyanja, jekete lili mkati. Ife sitichokera m'nyanja popita ku msonkhano wa bodi. Chimene ndikuvomereza n'chakuti nsalu siikutengedwanso ngati chinthu cha anthu osauka kapena asilikali okha. Kampani ya ku Sweden ya Daniel Wellington, yomwe inayamba mu 2011, inatchuka pogulitsa mawotchi opyapyala pa malamba amizere omwewa, ndipo achinyamata ambiri a m'maofesi anawadziwira kumeneko. Tudor, kampani yapachibale ndi Rolex, imalukitsa malamba ake ansalu ku kampani ya Julien Faure ku France, pa makina akale olukira. Choncho nsalu payokha si chamanyazi. Vuto limakhala mtundu, kukhuthala, ndi malo omwe mukupita.

Malowo ndi omwe ndimaumirapo mtima. Ku intavyu sindingavale nayiloni, ngakhale wotuwa, chifukwa sudziwa amene wakhala kutsogolo kwako, ndipo akuluakulu ambiri olemba ntchito kuno anakula akudziwa kuti wotchi ya munthu wolongosoka imakhala pa chikopa kapena pa chitsulo. Pa ukwati, ngati muli m'gulu la operekeza kapena pa tebulo la kutsogolo, chimodzimodzi. Ndinakhalapo nkhoswe pa chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga, ndipo pa mwambo wosinthana tambala ndi msoti wojambula zithunzi amalunjika pa manja penipeni. Zithunzi zimenezo zimakhala pakhoma zaka zambiri. Tsiku limenelo ndinabwezeretsa chikopa chakuda, ndipo sindinadandaule. Ku maliro wakuda ndi wokwanira, palibe amene ali ndi nthawi yoyang'ana mikono ya anthu.

Pa ukhondo, nayiloni wapambana kutalitali. Loweruka ndimamusolola pa wotchi popanda chida chilichonse, n'kumutsuka ndi sopo ndi mswachi wakale, n'kumuyanika pamthunzi, ndipo pofika m'mawa amakhala atauma, kafungo kulibe. Komano nyengo ya dzinja ili ndi vuto lake. Mvula ikakupezani panjira, nayiloni amasunga madzi kwa kanthawi ndipo amanyowetsa mkono wa malaya oyera, n'kusiya kamzere konyowa komwe kamakhalapo mpaka nthawi ya tiyi. Sindinaone aliyense mwa atatuwa akusuluka pa malaya, komabe wakuda ndinamuviika kaye m'madzi ndisanamuvale ndi malaya oyera, ndipo ndikulangiza kuti muzitero ndi lamba aliyense wotchipa. Fumbi likalowa pakati pa lamba ndi kumsana kwa wotchi limasiyanso timikwingwirima tosaoneka bwino pa chitsulo. Pa Seiko yanga sizindipweteka mutu. Amene ali ndi wotchi yosiyiridwa ndi malemu bambo awo aganizepo kawiri.

Musanatumize ndalama kwa wogulitsa, yezani ndi rula mpata wa pakati pa timiyendo ta wotchi yanu pomwe pamalowa lamba. Mawotchi ambiri aamuna amakhala 18, 20 kapena 22, ndipo lamba wochepa ndi mamilimita awiri okha amaoneka ngati wobwereka. Onaninso ngati pali mpata wokwanira pakati pa kapini ndi thupi la wotchi, chifukwa mawotchi ena opyapyala salola nsalu yokhuthala kudutsa. Mufunseni ngati ali ndi malamba a nsalu imodzi yokha pansi, kuti musavutike ndi lezala ndi machesi, kapena aja olukidwa ngati nkhata otchedwa Perlon, omwe alibe mabowo ndipo chomangira chimalowa paliponse pa nsaluyo. Amenewo ndi opyapyala, amapitisa mpweya, ndipo ndi omwe ndamuuza mnyamata uja kuti andibweretsere ulendo wotsatira, wotuwa ndi wabuluu wakuda. Paketi ya mitundu yosakaniza sindidzagulanso, chifukwa mwa atatu aja wogwira ntchito Lolemba mpaka Lachinayi ndi wotuwa, wakuda amalowa apo ndi apo, ndipo wamizere amangotuluka Lachisanu ndi kumapeto kwa sabata.