Kujambula zokonzeratu kapena kudikira mumsika wa Zomba

Wojambula amene akufuna kuti chithunzi chake chionetse nkhawa yobisika mumtima, komanso kudzudzula zochitika m'dziko, ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kukonzeratu zonse, monga anachitira Cindy Sherman wa ku America pakati pa 1977 ndi 1980, podzijambula yekha atavala ngati akazi a m'mafilimu. Kuno ku Zomba, munthu angaike mtsikana pakhonde la nyumba yakale ya atsamunda, kalata ili m'manja, maso ali kumbali, kuwala kukumugunda tsaya limodzi lokha. Woona amatsala ndi funso mumtima, koma nthawi zina zimaonekeratu kuti ndi sewero.

Njira yachiwiri ndi ya David Goldblatt, amene anajambula moyo wa tsiku ndi tsiku m'nthawi ya tsankho ku South Africa. Imeneyi imafuna kudekha, kuima mumsika wa Zomba mpaka mayi wogulitsa matemba ayambe kuwerenga tindalama take madzulo, nkhope itagwa. Ine ndimakonda imeneyi chifukwa kudzudzula kwake sikuchita kukakamiza, ngakhale kuti kupempha chilolezo kwa mayiyo, komwe n'koyenera ndithu, kawirikawiri kumasintha nkhope ija.