Tsiku lathunthu m'malo a Stasi: maganizo anga pa ulendo woperekezedwa wa mumzinda wa Berlin

Loweruka lina m'nyengo yozizira ndinalipira malo pa ulendo womwe kampani ina yaing'ono yoperekeza alendo mumzinda wa Berlin imakonza, woonetsa malo amene ankagwiramo ntchito a Stasi, nthambi ya zachitetezo ya dziko lomwe kale linkatchedwa East Germany. Ndalemba izi poganizira anzanga amene amakhala ku Ulaya kapena amafika ku Germany pa maphunziro ndi pa misonkhano, chifukwa ulendowu umatenga tsiku lonse ndipo ndalama zake si zochepa, choncho ndi bwino munthu adziwiretu chimene akugula. Ndinene poyambirira pomwe kuti sindinong'oneza bondo, ngakhale kuti kampaniyo imagawa nthawi mosayenera, mpaka kufupikitsa nkhani imene ine ndimaiona kuti ndiyo phata la ulendo wonse.

Tinakumana m'mawa pa siteshoni ya Magdalenenstraße, ya sitima yapansi panthaka ya U5, m'dera la Lichtenberg. Tinalipo khumi ndi awiri, ndipo wotiperekeza anali mayi wachikulire amene anakulira kummawa kwa mzindawo, wolankhula Chingerezi chomveka bwino ndiponso woleza mtima akafunsidwa mafunso. Ndalama zimene tinalipira zinaphatikiza zolowera pakhomo, koma tikiti ya sitima aliyense anagula yekha, chinthu chimene kampaniyo sinalembe poyera pamene tinkasungitsa malo. Titayenda pang'ono tinalowa m'bwalo la likulu lakale la Stasi, ndipo chinandidabwitsa choyamba ndi kukula kwake, pakuti si nyumba imodzi ayi, koma ndi mudzi wathunthu wa nyumba zosanja zotuwa. Unduna wa Stasi unakhazikitsidwa pa 8 Febuluwale 1950, ndipo unkadzitcha chishango ndi lupanga la chipani. Mayiyo anatipempha kuti tisunge mawu amenewa mumtima, popeza sanena za dziko kapena za nzika, koma za chipani cholamula cha SED. Pofika 1989 undunawo unali ndi antchito pafupifupi 91,000, kuphatikizapo anthu wamba oposa 170,000 amene ankautsina khutu mobisa, m'dziko la anthu pafupifupi 16 miliyoni.

Gawo loyamba linali m'nyumba yotchedwa Haus 1, momwe muli maofesi a Erich Mielke, nduna imene inatsogolera Stasi kuyambira 1957 mpaka 1989. Maofesiwo anasungidwa monga anawasiyira eni ake, ndi mipando yake yabuluu, makoma amatabwa ndi matelefoni ondandalikidwa patebulo. Chimene chimagwira mtima m'zipindazo ndi kuwoneka kwake wamba, chifukwa munthu amayembekezera kuti malo amene ankachokera mantha a dziko lonse akhale oopsa m'maonekedwe, koma amapeza ofesi yofanana ndi ya bwana wina aliyense wa m'boma wa zaka zimenezo. Kenaka tinaonetsedwa zipangizo za ukazitape, monga makamera obisika m'mabatani a jekete ndi m'zothirira maluwa, komanso mabotolo osungiramo tinsalu tokhala ndi fungo la munthu, kuti agalu adzathe kumulondola. Zinthuzi n'zochititsa chidwi ndithu, koma tinakhalitsapo mopitirira muyeso, pafupifupi maola awiri, alendo akujambula zithunzi za kamera iliyonse, ndipo kampaniyo ikuwoneka kuti inakonza dala ndondomeko yake motero podziwa kuti izi n'zimene zimakopa makasitomala.

Pamene wotiperekeza anaonetsa luso lake lenileni ndi pofotokoza njira yotchedwa Zersetzung, imene inalembedwa m'malangizo a undunawo a 1976. M'malo momanga munthu wotsutsa boma, zomwe zikanabweretsa phokoso kuchokera kumayiko akunja, a Stasi ankamufooketsa pang'onopang'ono. Ankafalitsa mphekesera zoti iyeyo ndi kazitape wawo, ankamulepheretsa kukwezedwa pantchito, ankatumiza makalata abodza kwa mkazi kapena mwamuna wake, ndipo nthawi zina ankalowa m'nyumba mwake iye kulibe n'kusuntha katundu, kuti ayambe kukayikira ngati mutu wake ukugwira. Mayiyo anatchula nkhani yodziwika ya Vera Lengsfeld, womenyera ufulu amene, mafaelo a Stasi atatsegulidwa, anapeza kuti mmodzi mwa omwe ankamuneneza anali mwamuna wake weniweni. Pamenepo palibe amene anakweza foni kuti ajambule, ndipo tonse tinangoti chete.

Dandaulo langa lalikulu lili pa zimene zinatsatira. Nkhani ya mmene nthambi yamphamvu chotere inagwera m'miyezi yochepa ya 1989 ndi 1990 anatifotokozera m'mphindi makumi awiri zokha, titaimirira panja pozizira, pafupi ndi zikwangwani za chionetsero cha m'bwalo, wotiperekeza akuyang'ana wotchi. Komatu apa ndi pamene pali phunziro kwa aliyense wofuna kumvetsa zimene nthambi yachitetezo imachita boma likayamba kugwedezeka. Pa 9 Okutobala 1989 anthu pafupifupi 70,000 anaguba mumzinda wa Leipzig, akufuula kuti iwo ndiwo anthu eni dziko, ndipo achitetezo amene anali atakonzeka sanaombere. Pa 7 Novembala nduna zonse zinatula pansi udindo, Mielke ali m'gulumo, ndipo patangopita masiku awiri khoma la Berlin linatseguka. Pa 13 Novembala mkuluyo, ali ndi zaka 81, anaimirira m'nyumba ya malamulo n'kunena kuti iye amakonda anthu onse, aphungu n'kumuseka, chinthu chimene mwezi umodzi m'mbuyomo palibe akanayerekeza kuchita.

Undunawo sunafe pomwepo, ndipo mfundo imeneyi ndi imene ndikanakonda kuti kampaniyo iziitsindika. Boma latsopano la Hans Modrow linangousintha dzina n'kuutcha Ofesi ya Chitetezo cha Dziko, ndipo linaika pampando Wolfgang Schwanitz, yemwe anali mmodzi mwa achiwiri a Mielke. Njoka inafundula khungu, koma ululu unali womwewo. M'masabata amenewo antchito anayamba kuwononga zikalata usana ndi usiku, ndipo makina odulira mapepala atalephera chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito, anayamba kung'amba ndi manja ndi kutentha. Pa 4 Disembala anthu a mumzinda wa Erfurt anaona utsi ukufuka pa ofesi ya m'chigawo chawo, ndipo motsogozedwa ndi azimayi analowa m'nyumbamo n'kuitanitsa oimira boma pa milandu kuti amate zitseko za zipinda zosungiramo mafaelo. Madzulo a tsiku lomwelo zomwezo zinachitika ku Leipzig, kenaka m'mizinda ina. Likulu la ku Berlin, lomwe tinaimapo ife, linapitiriza kugwira ntchito mpaka pa 15 Januwale 1990, pamene chinamtindi cha anthu chinalowa pa zipata zake.

Ngakhale pamenepo nkhondo ya mapepala sinathe. Nthambi ya ukazitape wa kunja, imene Markus Wolf anaitsogolera kwa zaka zambiri mpaka 1986, inaloledwa kudzithetsa yokha, ndipo inawononga mafaelo ake ambiri. Chisankho choyamba chaufulu cha pa 18 Malichi 1990 chitayandikira, zinadziwika kuti Wolfgang Schnur, mtsogoleri wa chimodzi mwa zipani zatsopano, anali wotsina khutu wa Stasi, ndipo patangopita masabata ochepa Ibrahim Böhme wa chipani cha SPD cha kummawa anagwa pa chifukwa chomwecho. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo andale ambiri a mbali zonse ziwiri za Germany ankaopa kuti kutsegula mafaelo kudzaswa mkhate womwewo, anthu n'kuyamba kubwezerana. Mu Seputembala 1990 omenyera ufulu, kuphatikizapo Bärbel Bohley, anadzitsekera m'nyumba ina ya pa likululi, ena n'kuyamba kudzikaniza chakudya, pofuna kuti mafaelo asatsekeredwe kutali ndi eni nkhani. Lamulo lolola nzika kuwerenga mafaelo awo linayamba kugwira ntchito kumapeto kwa Disembala 1991, ndipo anthu oyamba anawerenga pa 2 Januwale 1992, ofesi yoyang'anira mafaelowo ikutsogoleredwa ndi m'busa Joachim Gauck, amene mu 2012 anadzakhala mtsogoleri wa dziko la Germany. Zonsezi mayi wathu ankazidziwa bwino, monga ndinatsimikizira pomufunsa tili m'njira, koma ndondomeko imene anapatsidwa sinamulole kuzitambasula.

Chifukwa cha kuthamanga komweko, mu Haus 7, momwe muli chionetsero cha nkhokwe ya mafaelo, tinangosuzumiramo. Zikalata zimene zinapulumuka, zitati zindandalikidwe, zingatalike makilomita pafupifupi 111, ndipo pali matumba pafupifupi 16,000 a mapepala ong'ambidwa, omwe ntchito yowalumikiza inayamba mu 1995 koma sinafike ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo khumi. Mapempho a nzika zofuna kuona mafaelo awo anapitirira 3 miliyoni, ndipo kuyambira pa 17 Juni 2021 nkhokweyi ili m'manja mwa Bundesarchiv, nkhokwe yaikulu ya zikalata za boma. Ndinaima patsogolo pa thumba limodzi lodzaza tizidutswa ta mapepala, ndikufuna kuwerenga mmene amatilumikizira, koma gulu linali litayamba kale kutuluka.

Masana tinapita ku ndende ya Hohenschönhausen, titadya mothamanga pa kanyumba kena kogulitsa buledi ndi soseji, popeza kampaniyo sinaike nthawi yeniyeni ya nkhomaliro. Gawo limeneli ndi limene linabweza ndalama zanga. M'zitokosi za ndendeyi simulowa munthu payekha, koma ndi woperekeza wa pamalopo, ndipo ena mwa operekezawo ndi anthu amene anamangidwapo ndi Stasi. Ife tinapeza bambo wina wa imvi, wolankhula motsitsa mawu, amene anatsekeredwa ali mnyamata chifukwa choyesa kuthawira kumadzulo. Anatitsitsira koyamba m'zitokosi za pansi panthaka zopanda mawindo, zimene achitetezo a Soviet Union anakakamiza akaidi kumanga nkhondo yachiwiri itatha ndipo akaidi ankazitcha sitima yapansi pamadzi. Stasi inatenga malowa mu 1951, ndipo pofika 1989 munali mutadutsa akaidi pafupifupi 11,000. Dera lonselo silinkaonetsedwa pa mapu a mzinda. Bamboyo anationetsa galimoto ya mtundu wa Barkas yooneka ngati yonyamula katundu wa m'sitolo koma yokhala ndi tizipinda tisanu mkati, imene inkazungulira nthawi yaitali kuti mkaidi asadziwe kumene wafika. Anationetsanso mawindo a njerwa zagalasi zolowetsa kuwala koma zosaonetsa kunja, ndi nyali zofiira za m'makonde zimene zinkaonetsetsa kuti mkaidi asakumane ndi mnzake. Sanakokomeze kalikonse, ndipo ndi kudekha kwake kumene kunatipweteka mtima. Anatiuzanso kuti Mielke mwiniwake anasungidwapo m'ndende yomweyi mu 1990, ndipo kuti chilango cha zaka zisanu ndi chimodzi chimene analandira mu 1993 sichinali cha ntchito za Stasi, koma cha kupha apolisi awiri ku Berlin mu 1931.

Ife amene tinakula m'nthawi ya chipani chimodzi ku Malawi sitisowa wotimasulira tanthauzo la kutsitsa mawu mlendo akalowa m'basi, ndipo ndili m'makonde amenewo ndinakumbukira Disembala wa 1993, pamene asilikali analanda zida a Malawi Young Pioneers. Sindikunena kuti mbiri ziwirizi n'zofanana, koma funso la kumene zikalata za nthambi zotere zimapita boma likasintha linandikhala pamtima tsiku lonse. Chimene chinandikhumudwitsa ndi chakuti ulendowu sutchula Africa ngakhale kamodzi, pamene n'zodziwika kuti Stasi inathandiza kuphunzitsa achitetezo a mayiko ena a kwathu kuno, kuphatikizapo SNASP ya Mozambique, ndiponso kuti potsatira pangano la 1979 anthu a ku Mozambique pafupifupi 20,000 anadzagwira ntchito m'mafakitale a East Germany. Ambiri mwa iwo anabwezedwa kwawo dzikolo litatha, ndipo kwa zaka zambiri akhala akuguba ku Maputo kufunsa gawo la malipiro awo limene linkadulidwa. Nditafunsa, wotiperekeza anavomera mwaulemu kuti nkhaniyo siili pa ndondomeko ya kampani.

Kwa amene ali ndi tsiku limodzi lokha mu Berlin, ulendowu ndi woyenera kulipira, makamaka chifukwa kampaniyo imakusungirani malo ku ndende ndipo simuvutika ndi kufunsa njira. Muvale zofunda zokwanira, chifukwa zitokosi za pansi zimazizira kwambiri, munyamule kamba, ndipo ana aang'ono musawatenge. Koma kwa amene ali ndi masiku awiri, mapanga awiri avumbwitsa, choncho ndi bwino kupatula tsiku la Lichtenberg ndi tsiku la Hohenschönhausen, n'kulipira pakhomo la malo aliwonse panokha. Zikwangwani za m'bwalo la likulu, zofotokoza miyezi ya 1989 ndi 1990 mwatsatanetsatane, zili pamtetete ndipo sizilipiritsa, ndipo ine ndinabwererako Lachiwiri lotsatira kukaziwerenga ndekha kuyambira choyamba mpaka chomaliza, ndisanalowenso mu Haus 7 kukaima pa thumba lija.